Ndithandizeni kumvetsa za New Caledonia

Anzanga, ndikupempha nzeru. Ndikukonza phunziro la atsamunda la ana a Fomu 4, koma nkhani ya New Caledonia yandiimitsa mutu. Zilumba za m'nyanja ya Pacific zimenezi zili m'manja mwa France kuyambira 1853, ndipo m'nthaka yake muli mtundu wa chitsulo wotchedwa nickel wochuluka, womwe China imagula kwambiri.

Zipolowe zitabuka mu Meyi 2024 pa nkhani yosintha kaundula wa ovota, France inaloza chala dziko la Azerbaijan kuti likusonkhezera moto, mpaka inatseka TikTok kumeneko. Komatu Akanak, eni nthaka, kulira ufulu sanayambe lero. Referendamu ya 2021 yokhudza kudzilamulira anainyanyala.

Ndiye anawa ndiwauze chiyani? Mkwiyowu ndi wa eni dziko, kapena akunja akungopezerapo mwayi? Nanga atadzilamulira, nickel ameneyu sangangogwera m'manja mwa China? Amene mukuitsata bwino nkhaniyi, chonde ndiunikireni.