Ndalemba atelala ena awiri koma mashati akutuluka omwewo, vuto lili pati?

Mwini shopu: Abale anga mundithandize maganizo. Ndinali ndi atelala 6, aliyense amatenga nsalu yodula kale nkusoka shati yonse yekha kuyambira kolala mpaka mabatani, pa tsiku timatulutsa mashati 30. Itabwera oda yaikulu ya yunifomu ndinalemba ena awiri, mashini ndinagulanso awiri koma mpaka lero sitinadutsepo 34, ndiye pa munthu mmodzi zatsika kuchoka pa 5 kufika 4 ndi kanyenyeswa. Ndikawayang'ana palibe akugona ayi, onse ali pikitipikiti. Kodi atsopanowa ndiwachotse?

Madala a sizasi: Musathamangire kuchotsa munthu achimwene. Ovaloko, mashini osokera mmphepete mwa nsalu kuti isasosoke, muli nazo zingati?

Mwini shopu: Imodzi madala. Ya mabowo a mabatani imodzinso.

Madala a sizasi: Eya, ndimakayikira pomwepo. Mawa musasoke, mukhale pafupi ndi ovalokoyo ndi wotchi ya pa foni, muzilemba kuyambira pamene munthu wakhala pa mpando mpaka wina atakhalapo. Mukatiuze.

Mwini shopu: Ndachita zija, manyazi andigwira. Shati imodzi ikudya mphindi pafupifupi 14 pa ovaloko koma kusoka kwenikweni ndi 6 zokha, zinazo munthu akusintha ulusi poti wina wabwera ndi yoyera wina ya buluu, wina akusaka sizasi, wina wapeza mnzake wasokoneza tenshoni, kakokedwe ka ulusi, ndiye ayambe kuyesera pa kansanza. Maola 8 ndi mphindi 480, kugawa ndi 14 zikutuluka 34 ndi kanyenyeswa. Ngakhale ndikanalemba atelala 20 zikanakhala zomwezo.

Mayi a pa laini: Pamenepo bambo ikani munthu mmodzi pa ovaloko tsiku lonse, asamadzukepo, ena azimubweretsera. Enawo muwagawire, uyu makolala ndi makafu, uyu matumba, uyu mikono, winayo kulumikiza. Dzanja likazolowera chinthu chimodzi limathamanga lokha. Si nzeru yatsopano iyi, Henry Ford wopanga magalimoto ku America anayambitsa laini yoyenda, pomwe aliyense amagwira mbali imodzi ya ntchito, pa fakitale yake ya ku Highland Park mu 1913, galimoto ya Model T imene imatenga maola oposa 12 kuimanga inayamba kutha mu ola limodzi ndi theka.

Telala wosakhutira: Mayi mwangonena mbali yokoma yokha. Kwa Ford komweko anthu amasiya ntchito ngati chiyani chifukwa chotopa ndi kumanga bawuti imodzimodzi tsiku lonse, mpaka mu Januwale 1914 anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku, kuwirikiza kawiri, kuti anthu azikhala. Ine ndinasokapo matumba okhaokha miyezi 7, ndimalota matumba usiku, ndinachoka. Komanso bwana ngati mumalipira pa shati, pano shati yadutsa mmanja mwa anthu 8, ndalamayo ndi ya ndani? Muyambana.

Mayi a pa laini: Zoona achimwene, za malipirozo akambirane nawo asanayambe, kwathu timawerengera mashati amene adutsa osabwezedwa nkugawana gulu lonse, wa makolala amalandira mokwererako chifukwa ndi ntchito yovuta. Zotopazo muziwasinthanitsa sabata ndi sabata, zimathandizanso tsiku limene wa ovaloko wadwala. Koma chimodzi bambo, musamapange mitolo ikuluikulu. Mtolo wa 10 basi, mtundu umodzi saizi imodzi, mumange ndi kansalu nkulembapo. Ife tinasokapo makolala 60 opotoka tinadzazindikira pa simbi, kusosola kwake tinagonera pomwepo. A Toyota nthawi ya Taiichi Ohno, mmodzi wa akuluakulu awo a mu fakitale, anapatsa wantchito aliyense mphamvu yokoka chingwe nkuimitsa laini akaona cholakwika, ndiye wolumikiza akaona kolala yoyamba yapotoka aibweze pompo, asadikire khumi.

Madala a sizasi: Za ulusi ndionjezereko. Musamasolole wonse nkuyamba kulowetsa mwatsopano mu malupa, tizitsulo tolukira ulusi mkati mwa ovaloko, mphindi zimathera mmenemo. Dulani wakale pafupi ndi koni, mangani watsopano kamfundo kakang'ono kolimba, masulani tenshoni, kwezani phazi lopanira nsalu nkukoka pang'onopang'ono, wa mu malupa udutsa wokha. Wa singano yekha ndi umene mfundo yake siingadutse pa diso, mudule nkulowetsa ndi dzanja. Ndipo zoyera zonse zithe kaye mmawa, zabuluu masana, musinthe kamodzi kokha.

Mwini shopu: Sabata yatha tsopano. Masiku awiri oyamba tinatsika mpaka 26 anthu akunyinyirika, mmodzi wakana za laini ndamusiyira ma oda apadera ndi zokonza. Dzulo tatulutsa 47 ndi anthu 7. Koma pano mulu wasamukira pa mashini a mabowo, mashati ali mbwee pa tebulo kudikira.

Madala a sizasi: Tenganinso wotchi ija mukakhale pamenepo. Muone kaye ngati wa mashiniyo ndi amenenso akuika zizindikiro za choko yekha, ngati ndi choncho mudulireni kakatoni kokhala ndi mipata ya mabatani, wina azimuchongera asanamupatse.