Mawu oti mob ndi gulu lililonse la anthu kapena?

Chemwali wa pa Mpondasi
Abale ndithandizeni. Mng'ono wanga ali Fomu 3, analemba kompozishoni yachingerezi ya tsiku la Eid kuti kumapemphero kunabwera mob ya anthu, nde aphunzitsi adula ndi cholembera chofiira nkulemba crowd pamwamba. Mwana wabwera ali khuma, akuti mudikishonale onsewo ndi gulu la anthu basi. Kusiyana kwake kuli pati kodi?

Aphunzitsi opuma, Namwera
Mwanangu, mnzangayo wachita bwino kudula. Crowd ndi khamu, anthu ochuluka basi, kaya kumaliro kaya pa msika. Koma mob ndi chigulu choti mitima yatentha, china chili ndi miyala china zibonga, palibe akumva mnzake. Nde kunena anthu opemphera kuti mob ndi kuwanyoza ndithu. Mawuwa anachokera ku Chilatini, mobile vulgus, kutanthauza anthu wamba osachedwa kutengeka, Angerezi anangowadula cha m'ma 1680 nkutsala mob. Kunyozako kunayambira konko.

Che Kabaza
Madala anena zoona. Ine mawuwa ndinawadziwira pa wailesi pomwe amati mob justice, koma tanthauzo lake ndinaliona ndi maso chaka chatha ndikudikira makasitomala kufupi ndi mlatho wa Shire, mayi wina anangokuwa kuti wakuba foni, anthu omwe amagula usipa pompo mwaulemu anasintha nthawi imodzi, wina wathamangira tayala wina akufunsa petulo, mnyamatayo magazi ali chuchuchu ndipo ambiri omenyawo sanaone nkomwe chomwe waba. Akanapanda apolisi bwenzi atamuotcha. Mpaka pano ndikamva mawuwa thupi limachita tsembwe.

Chemwali wa pa Mpondasi
Eee achimwene pepani, zoopsa. Nde ndi mawu oipa okhaokha eti?

Mlongo wa ku Monkey Bay
Osati nthawi zonse asisi. Akakhala mneni amatha kukoma, mwachitsanzo osewera wa Flames akagoletsa masapota nkumuunjirira ndi chisangalalo amati they mobbed him. Kuli flash mob, anthu amapangana pa intaneti nkukumana malo amodzi, kuvina pang'ono nkubalalika, zinayamba ku New York mu 2003. Ku Australia nkhosa zambiri kapena ma kangaroo amati mob, ndipo eni dziko a kumeneko, ma Aboriginal, akati my mob akunena abale awo, a mtundu wawo. Koma ku America samalani, akati the Mob akunena Mafia, gulu la zigawenga.

Aphunzitsi opuma, Namwera
Za Australia zo zimusokoneza mwana, mayeso a MSCE ali pafupi. Muuzeni alembe crowd, kapena congregation poti anali mapemphero. Mob asungire nkhani ngati ya Che Kabaza ija.