Ndisankhe California kapena Illinois? Kodi thandizo la maboma a zigawo pa nyama yosachokera ku ziweto n'lodalirika?

Akuluakulu nonse a pagulu lino, makamaka inu amene mukukhala ku America kapena mumagwira ntchito yokonza zakudya, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mayi wa ku Malawi, ndikumaliza digiri yachiwiri ya sayansi ya zakudya kuno ku Indiana, ndipo ndapeza malo awiri oti ndisankhepo. Oyamba ndi okachita kafukufuku wa digiri yachitatu ku California pa nyama yokulitsidwa mu labotale, imene amaipanga potenga maselo a nkhuku kapena ng'ombe n'kumawadyetsa m'matanki mpaka atachulukana. Achiwiri ndi ntchito pa kampani ina ya ku Illinois imene imapanga zakudya zomanga thupi kuchokera ku soya. Cholinga changa n'chakuti ndidzabwerere kwathu ndi luso limene lingagwire ntchito kumeneko.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti kuno chigawo chilichonse chili ndi boma lake, ndipo mabomawa akukokera kosiyana. Mu 2022 boma la California linaika madola 5 miliyoni mu bajeti yake kuti mayunivesite a UC Berkeley, UC Davis ndi UCLA afufuze za mapuloteni osachokera ku ziweto. Mu 2023 boma la Illinois, pansi pa bwanamkubwa JB Pritzker, linakhazikitsa komiti yapadera yoona mmene chigawocho chingakulitsire malondawa. Komatu mu May 2024 bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, anasaina lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa nyama ya mu labotale, Alabama inatsatira mwezi womwewo, ndipo mu 2025 kuno ku Indiana komanso ku Texas anaika chiletso cha zaka ziwiri. Zonsezi zachitika ngakhale kuti boma lalikulu la ku Washington linaloleza kale makampani a Upside Foods ndi GOOD Meat kugulitsa nkhuku yotereyi mu June 2023. Kodi munthu angaike zaka zisanu za moyo wake pa ntchito imene chigawo china chikuithira ndalama pamene china chikuiletsa? Nanga thandizo la Illinois n'lenileni, kapena ndi makomiti ndi malipoti chabe?

Yankho loyamba

Achemwali, ine ndakhala nthawi ndithu m'chigawo cha Illinois, ndipo ndikuuzani kuti musayang'ane komitiyo, yang'anani zimene zilipo kale pansi. Illinois ndi chigawo chimene chimakolola soya wambiri kuposa zigawo zonse za America, ndipo mu mzinda wa Decatur muli mafakitale akuluakulu a ADM ndi Primient amene amagaya soya ndi chimanga usana ndi usiku. Boma la chigawo likamanena zothandiza malondawa, kwenikweni likufuna kuti mbewu za alimi ake zipeze msika watsopano, n'chifukwa chake alimi ndi andale a mbali zonse ziwiri sakangana nazo kwambiri. Ntchito yaikulu imene ikuchitika ndi ya iFAB, imene ikulumikiza Champaign ndi Decatur, ndipo mu July 2024 inalandira madola pafupifupi 51 miliyoni kuchokera ku boma lalikulu. Ntchitoyi ndi yogwiritsa ntchito yisiti ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wa chimanga m'matanki n'kutulutsa mapuloteni. Chosowa kwambiri pa malondawa si nzeru ayi, koma matanki apakatikati oyeserera, chifukwa kampani yaing'ono singachoke pa botolo la mu labotale n'kulumphira pa fakitale yathunthu. Pamenepo ndi pamene ndalama za boma zimathandizadi, pakuti palibe wabizinesi amene angamange matanki oti anzake aziyeserera.

Nyama ya mu labotale yokha, ngakhale ku Illinois komweko, yavuta. Upside Foods inalengeza mu 2023 kuti imanga fakitale yaikulu ku Glenview, pafupi ndi Chicago, koma chaka chotsatira inaimitsa dongosololo.

Yankho lachiwiri

Ndikusiyana pang'ono ndi achimwene amene ayankha pamwambapa. Ziletso zimene mwatchulazo zikukhudza kupanga ndi kugulitsa, ndipo sizingaimitse kafukufuku amene akuchitikira ku California. Komanso luso losamalira maselo m'matanki likufunikanso popanga katemera ndi mankhwala, kotero munthu amene waliphunzira sangasowe kolowera ngakhale nyamayo itakanika pamsika. Kumene ndikukuchenjezani ndi pa ndalama. Madola 5 miliyoni aja anaperekedwa kamodzi, anagawidwa kwa mayunivesite atatu, ndipo pa kafukufuku wa mtundu umenewu ndi ndalama yochepa kwambiri. Musanavomere, funsani mphunzitsi amene adzakuyang'anirani kuti malipiro anu adzachokera m'thumba liti, kwa zaka zingati, ndipo alembe zimenezo m'kalata. Inu muli pa viza ya ophunzira, ndipo ndalama zikatha pakatikati, vuto lanu lidzakula kuposa la mnzanu amene ndi nzika.

Yankho lachitatu

Mayi, ine ndikulemba ndili ku Lilongwe kuno, ndipo ndikuona ngati funso lanu mwaliyankha nokha pamene mwati mukufuna kudzabwerera. Zimene ku America akuzitcha chakudya cha m'tsogolo, ife tikudya kale: soya pieces ali mu golosale iliyonse ndi m'masukulu ogonera komweko, ndipo anthu amawagula chifukwa nyama ya ng'ombe yadula, osati chifukwa cha nkhani za kusintha kwa nyengo. Luso lowapanga linakulitsidwa ndi kampani ya ADM yomweyo m'zaka za m'ma 1960, pamene anayamba kupanikiza ufa wa soya wochotsedwa mafuta m'makina otentha kwambiri otchedwa extruder mpaka utakhala ngati minofu ya nyama. Soya tikulima ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa, koma anthu odziwa bwino makinawo, odziwa kuchotsa fungo la soya ndi kuwongolera kakomedwe kake, ndi ochepa. Nyama ya mu labotale imafuna magetsi osazima ndi zakudya za maselo zogula ndi ndalama zakunja, ndipo zinthu ziwirizi ndi zimene zimativuta kwambiri kuno.

Ndiwonjezere chimodzi pa nkhani yodalira boma. Soybean Innovation Lab ya ku University of Illinois inagwira ntchito ndi alimi ndi mafakitale a soya mu Africa muno, kuphatikizapo kuno kwathu, koma mu 2025 inatsala pang'ono kutsekedweratu pamene ndalama za USAID zinaimitsidwa, ndipo chimene chinaipulumutsa ndi mphatso ya munthu wakufuna kwabwino. Ngati boma lalikulu lingasinthe maganizo msanga chotero, boma la chigawo silingakhale lolimba kuposa pamenepo. Sankhani malo amene fakitale ikudzilipira yokha ndi zimene ikugulitsa.

Yankho la mwini funso

Zikomo kwambiri nonse. Mtima wanga wayamba kupendekera ku Illinois, ngakhale kuti ndikudziwa kuti ndikadzafuna kuphunzitsa pa yunivesite ngati LUANAR, digiri yachitatuyo idzafunikabe. Mphunzitsi wa ku California ndimulembera sabata ino kumufunsa za gwero la malipiro, monga mwandilangizira. Koma achimwene a ku Illinois, ndithandizeninso apa: kodi makampani a kumeneko amalola wantchito watsopano kugwira makina a extruder ndi manja ake, kapena munthu wa digiri yachiwiri amangomuika mu labotale yoyeza ubwino wa katundu?