Gulu la Mbumba ya kwa Chonde: za sukulu ya nyimbo ya Tadala

Malume aakulu: Mwaswera bwanji abale. Nkhani ya Tadala ija tiikambe lero ithe, mwana wadikira kuyambira pomwe zotsatira za MSCE zinatuluka. Ine maganizo anga ndi oti tisonkhe ya pasipoti ndi ya basi, apite kwa achimwene ake ku Cape Town akamuyese mawu. Amene munamumva pa msonkhano wa makwaya uja mukudziwa kuti mphatso ilipo.

Make Tadala: Taswera achimwene. Ine mtima uli m'mwamba, koma sindikufuna kumutsekereza. Madalitso tiuze, iwe ndi amene uli komweko.

Madalitso: Taswera malume, taswera mayi aang'ono. Sukulu imene Tadala akuifuna ndi South African College of Music, ili pansi pa University of Cape Town. Ndi yakale, inayamba mu 1910, ndipo Pretty Yende uja anaimba pa mwambo wolonga ufumu King Charles mu 2023 anaphunzira pomwepo. Koma malume, basi iyambe yadikira. Kuyesa mawu ndi khomo limodzi chabe, ndipo munthu salifika mapepala asanalongosoke.

Malume aakulu: Mapepala ati mphwanga? Mwana ali ndi mapointi 14, Chingerezi anapeza 4.

Madalitso: Wakhoza bwino, palibe angatsutse. Vuto ndi loti kuno MSCE amaiwerengera ngati O-Level, ndiye payokha sikwanira kuti munthu ayambe digiri. Pali bungwe la Universities South Africa limene limaona satifiketi zakunja n'kupereka chilolezo, ndipo kawirikawiri limafuna A-Level pamwamba pake. Ilipo dipuloma ya kaimbidwe imene zofunika zake ndi zopepukirapo, koma nayonso mayeso a thiyore ndi a makutu sathawika.

Mayi aang'ono a ku Bvumbwe: Mayeso a makutu ndiye chiyaninso? Amapita kuchipatala?

Yamikani: Ayi mayi aang'ono. Amakuimbira manotsi pa piyano, iwe unene kuti atalikirana bwanji, kapena uombe m'manja kabitidwe kamene wamva. Kenako amakupatsa pepala la nyimbo imene sunaionepo, uimbe pompo. Apa ndi pamene ine ndikudera nkhawa, chifukwa Tadala ndamuphunzitsa ndekha kwaya. Ukamulembera pa bolodi d, r, m, f, s saphonya ngakhale pamodzi, alito yonse imatsamira pa iye. Koma mwezi watha ndinamupatsa buku la manotsi a pa mizere isanu aja, anayamba kuwerenga mzere ndi mzere ndi chala, kulemba solofa ndi pensulo pansi pa notsi iliyonse, kenako ndiye n'kuimba. Anaimba bwino zedi, koma pa mayeso nthawi ya pensulo imeneyo kulibe.

Tadala: Ndi zoona achimwene. Nyimbo ikakhala ndi mashapu ambiri kumayambiriro, tizizindikiro tokweza notsi tija, ndimasowa pamene pali do.

Yamikani: Chimenecho chimaphunzirika, usataye mtima. Makwaya athu onse ndi a solofa, ndiye si iwe wekha. Ine ndikanakonda alembe Grade 5 ya thiyore ya ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa mayeso a nyimbo. Mayeso awo oimba amayambira Grade 1 mpaka 8, ndipo Grade 5 ya thiyore ndi imene imatsegula njira ya 6, 7 ndi 8. Muli makiyi mpaka a mashapu 6 ndi mafulati 6, makodi, kusamutsa nyimbo kuchoka pa kiyi ina kupita pa ina, ndi mawu achitaliyana amene amalembedwa pamwamba pa nyimbo. Masiku ano amalembera pa intaneti, pamangofunika kompyuta ya kamera ndi netiweki yosadukaduka.

Malume aakulu: Imeneyo angadzalembere kwathu ku Limbe, laputopu ilipo. Nanga zachitaliyanazo zabwera bwanji? Ndimayesa ku Cape Town amaphunzitsa m'Chingerezi.

Madalitso: M'kalasi ndi Chingerezi malume, ndipo si chamasewera. Woimba naye amalemba maese a mbiri ya nyimbo, za Bach ndi Mozart ndi nyimbo za kuno ku Africa, ngati wophunzira wina aliyense. Masukulu ambiri akunja amafunanso IELTS, mayeso a Chingerezi a zigawo 4, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Malikisi amathera pa 9, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye tisathamangire kulipira tisanafunse ngati 4 wake wa MSCE angakwanire. Koma pa siteji woimba opera amaimba Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa, ndipo katchulidwe ka zilankhulo zimenezi ndi phunziro palokha, limakhala ndi mayeso ake.

Make Tadala: Mayo ine, zilankhulo zitatu pamwamba pa Chingerezi! Mwana amene Chilomwe chenichenicho amangomva osayankha.

Yamikani: Musaope mayi aang'ono, sakufuna kuti akacheze nacho pamsika, koma atchule molondola ndi kudziwa chimene mzere uliwonse ukutanthauza, kuti asaimbe za maliro nkhope ikumwetulira. Chitaliyana sichidzamuvuta, mawu ake ambiri amathera pa a, e, i, o ngati athuwa. Chijeremani ndi chimene chidzamutulutse thukuta chifukwa chimaunjika makonsonanti kumapeto.

Mayi aang'ono a ku Bvumbwe: Paja ndinamva kuti ku Germany sukulu ndi yaulere, bwanji osayesa kumeneko?

Madalitso: Fizi m'masukulu ambiri aboma kulibedi. Koma ambiri amafuna Chijeremani chofika pa B2, mulingo wa munthu woyankhula bwino ndithu, ndipo viza isanatuluke uonetse ndalama zopitirira ma euro 11,000 za chaka chimodzi zili ku akaunti. Kuno ubwino wake ndi woti ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, n'kuwonjezerapo ina yaying'ono, ndipo malo ogona ali pakhomo panga.

Tadala: Anganga akuti ndiwalembere. Akuti mwana asachoke ngati wothawa, apite ndi mapepala okwana, ndipo nthochi za kudimba la kumtsinje zikapsa ndalama yake ndi ya sukulu imeneyi.

Malume aakulu: Auze kuti tamva. Ndiye mwati chaka chino sapita. Chimene sindikufuna n'choti akhale pakhomo chaka chonse akutunga madzi, mawu aja n'kuzilala.

Yamikani: Asakhale malume. Alembere ku University of Malawi kudzera ku NCHE, ku Zomba amaphunzitsa nyimbo, ndipo amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, amene iye ali nawo. Akamaliza kumeneko ku Cape Town angadzapite ali ndi digiri m'manja. Podikira kusankhidwa azibwera ku Luchenza Loweruka lililonse, tizichita thiyore ndi kiyibodi, chifukwa m'masukulu amenewa woimba amayenera kudziwako piyano. Ku Lilongwe kulinso sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads ngati ku Zomba kutakanika.

Tadala: Ine ndavomera. Koma ndikupempha kuti njira ya ku Cape Town isatsekedwe. Ndikufuna opera imeneyi ndi mtima wanga wonse.

Madalitso: Sitseka mchemwali wanga. Mawa ndikutumizira nyimbo ziwiri zachitaliyana za oyamba kumene, uziphunzire kuchokera pa mizere, osalemba solofa pansi. Lolemba ndipita ku ofesi yawo ndi fotokope ya satifiketi yako kuti andiyankhe za dipuloma ija ndi za IELTS molemba.

Malume aakulu: Chabwino. Ya mayeso a Grade 5 ndi ya fomu ya NCHE ndi zanga. Ogwira ntchito tonse K15,000 pamwezi ya kiyibodi ndi ya minibasi ya ku Luchenza, tizitumiza kwa make Tadala pa Airtel Money kapena Mpamba lisanafike 5. Pasipoti tiyambe kuikonza mu Juni.

Mayi aang'ono a ku Bvumbwe: Yanga ndituma Lachisanu ndikagulitsa kabichi. Yamikani, kiyibodiyo ukhale iwe wosankha, ife tingagule choseweretsa ana.

Yamikani: Ikhale ya makiyi 61 kapena kupitirira, yokhalanso ndi malo a mabatire chifukwa cha magetsi. Tadala, Loweruka 8 koloko, ubwere ndi kope la mizere ndi satifiketi ija tikaijambulitse.