Kesi ya full tower ya makina a situdiyo: bodi, khadi ndi ma drive 8 zikukanirana malo

Wa ku Limbe: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndili ndi ntchito pano yomwe yandiimitsa mutu, ndigawireniko nzeru. Kasitomala wanga ali ndi situdiyo yojambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Achimwene ake amutumizira zipangizo za kompyuta kuchokera ku Joni: bodi (motherboard) ya Asus Pro WS WRX80E-SAGE, purosesa ya Threadripper PRO 5955WX, khadi ya zithunzi (graphics card) ya ROG Strix RTX 4090 ndi PSU (chogawa magetsi m'kompyuta) ya 1200W. Pamwamba pa izo ali ndi ma hard drive 8 a 4TB odzaza ndi mavidiyo a anthu, ndipo akufuna onse alowe m'bokosi limodzi. Chomwe sichinabwere ndi kesi, bokosi loikamo zonsezi. Ndinayesa mid tower yomwe inali pa shelefu panga, bodi inakana, inakagunda khola la ma drive isanafike n'komwe pa mabowo a masikuluwu. Ndiye tikufuna full tower. Achimwene akewo akubwera mwezi wamawa pa basi, ndikufuna ndiwauze dzina lenileni la kesi, asakagule mongoyerekeza.

Wa ku Zomba: Zikomo achimwene. Ine ndimaona ngati iliyonse yolembedwa full tower komanso E-ATX ikwana. Zazikuluzikuluzo malo sasowa.

Mkulu wa ku Area 25: Ayi mwanawe, pamenepo ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Mawu akuti full tower alibe muyezo wokhazikika, kampani iliyonse imatchula momwe yafunira. Akuti E-ATX nawonso ndi chimodzimodzi. Muyezo womwe sunasinthe ndi wa ATX, womwe Intel inatulutsa mu 1995: mamilimita 305 kwa 244. Mabodi ambiri a anthu ochita magemu olembedwa E-ATX amangopyolako pang'ono, m'lifupi mwake amakhala cha m'ma 270 kapena 280, ndipo makesi ambiri akamati timalandira E-ATX amatanthauza amenewo. Bodi yomwe mwatchulayo ndi ya mtundu wina. Achimwene a ku Limbe, tengani tepi muyeze, mutiuze.

Wa ku Limbe: Ndayeza bambo. Yakwana pafupifupi 310 kwa 330.

Mkulu wa ku Area 25: Eya, imeneyo ndi SSI-EEB, muyezo wa ma workstation ndi ma seva. Pa tsamba la kesi iliyonse yomwe mukuiganizira, musayang'ane zithunzi. Pitani pa specifications mufufuze zilembo zimenezo, SSI-EEB, kapena pomwe alemba kuti bodi mpaka mamilimita 330. Zikasowa, isiyeni. Komanso mabowo a bodi imeneyi sagwirizana onse ndi a ATX. Musanaigoneke, werengani ma standoff (timizati tachitsulo tomwe bodi imamangidwirapo) omwe ali m'kesi mufananize ndi mabowo a pa bodi, limodzilimodzi. Standoff yotsala pansi pa bodi pomwe palibe bowo imakhudza timizere ta kopa, mukayatsa basi yapsa. Ndinaonapo bodi yodula ikufa chonchi tsiku loyamba, mwiniwake misozi ili mbwembwembwe.

Mayi wa ku Mzuzu: Ndawerenga zonse. Pa makesi omwe ndikuwadziwa kuti amalandiradi SSI-EEB pali Fractal Design Define 7 XL, mnzake Meshify 2 XL, ndi Phanteks Enthoo Pro 2. Kwa munthu wa ma drive ambiri ine mtima wanga uli pa za Fractal ziwirizo, chifukwa mkati mwake ndi mofanana ndipo mumatha kusintha kamangidwe. Pali storage layout yomwe imanyamula ma hard drive mpaka 18, ndi open layout yomwe imasiya kutsogolo konse kuli pululu. Koma dziwani kuti ma tray obwera m'katoni sakwana 18, ena mumagula padera. Ngati mukufuna owonjezera, auzeni achimwenewo agulire limodzi, kuno simuwapeza.

Wa ku Limbe: Zikomo mayi. Ndiye nkhani yatha, Define 7 XL mu storage layout, ma drive 8 alowa onse.

Mayi wa ku Mzuzu: Dikirani kaye achimwene, sinathe. Khadi yanuyo ndi yaitali bwanji?

Wa ku Limbe: Pa katoni palembedwa 357.6 mm.

Mayi wa ku Mzuzu: Vuto ndi limenelo. Mu storage layout chitsulo chomwe ma tray amakolekedwapo chimasunthidwa malo, ndipo malo a khadi amatsala mamilimita 359. Khadi yanu ndi pafupifupi 358. Pa pepala ikwana, koma m'manja ndi nkhani ina. Khadi simailowetsa molunjika ngati diloo, mumaipendeketsa pang'ono kuti chitsulo chake chakumbuyo chilowe, ndiye milimita imodziyo sikupatsani mpata. Ngakhale mutaikakamiza n'kulowa, ganizirani mpweya. Mafani akutsogolo akukoka mphepo, mphepoyo ikuyamba yadutsa pa ma drive 8 otentha, kenaka ikupeza khoma, ndiye ikafike pa khadi ya 450W. M'mwezi wa Okutobala ku Blantyre makina amenewo adzalira ngati chigayo. Mu open layout malo a khadi amapyola mamilimita 500 ndipo mphepo imafika pa khadi mosatsekerezedwa.

Wa ku Zomba: Nanga si 4090 zonse ndi zofanana kutalika?

Mayi wa ku Mzuzu: Ayi. Ya Nvidia yeniyeni, Founders Edition, ndi mamilimita 304. Ya Strix ndi imodzi mwa zazitali kwambiri, komanso ndi yonenepa, imadya ma slot atatu ndi theka. Chip ndi chimodzi koma chovala chake kampani iliyonse imasoka chake.

Mkulu wa ku Area 25: Mayi anena zoona. Ndionjezereko za m'lifupi, chifukwa anthu amayeza kutalika kokha. Khadi imeneyo kuchokera pa slot kukafika m'mphepete mwake ndi pafupifupi mamilimita 150, ndipo pulagi yake ya magetsi, ya 12VHPWR, ili m'mphepete momwemo, kuyang'ana chitseko cha m'mbali. Langizo lomwe opanga zingwe ambiri amapereka ndi lakuti chingwecho chisapindidwe pasanathe mamilimita 35 kuchokera pa pulagi. Phatikizani nokha: 150 ndi 35. Define 7 XL imalola cooler (choziziritsira) ya purosesa ya msinkhu mpaka mamilimita 185, ndiye mukuona kuti muli m'malire enieni. Mu kesi yopyapyala kuposa imeneyi chitseko chimakanikiza chingwe, pulagi imasekuka pang'ono, ndipo nkhani za mapulagi osungunuka zomwe tinamva 4090 itangotuluka mu 2022 zambiri zinali za pulagi yosalowa mpaka kumapeto. Kankhani mpaka mumve kuti yalira, muyang'ane ndi tochi kuti palibe mpata. Ngati opanga PSU yanuyo ali ndi chingwe chawo chokhota kale pa pulagi, gulani chimenecho. Ma adapter okhota ongolumikiza pakati asiyeni, ena anachotsedwa pa msika mu 2024 chifukwa cha kutentha.

Wa ku Limbe: Ndamva bambo. Koma tsono ndikasankha open layout, ma drive 8 aja apita kuti? Kasitomala wanenetsa kuti sakufuna zingwe zili yangayanga pa tebulo.

Mkulu wa ku Area 25: Funso limeneli ndi lomwe ndimaliyembekezera, ndipo yankho lake silili mu kesi. Khalani naye pansi kasitomalayo. Ma drive 8 a 4TB ndi 32TB. Lero pali ma drive a 16TB kapena 18TB, awiri okha anyamula zonsezo. Aikeni pansi m'khola lomwe lili pafupi ndi PSU, lomwe limakhalapo ngakhale mu open layout. Ntchito yomwe akudula panopa ikhale pa NVMe, ma drive ang'onoang'ono othamanga olowa pa bodi penipeni, bodi imeneyo ili ndi malo ake otchedwa M.2. Ma drive akale aja asatayidwe: akhale osungirapo makope, m'kabati, osalumikizidwa ku magetsi, ndipo akafuna china aziika mu dock ya USB, kachipangizo kolumikizira drive kunja kwa kesi.

Chifukwa chake ndi ichi. Nyengo ya mvula mphenzi ikalowa kudzera m'mawaya, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima, chilichonse cholumikizidwa ku PSU imodzi chili pa chiopsezo nthawi imodzi. Zaka zapitazo anandibweretsera makina a situdiyo ina, ma drive 6 onse atapsa usiku umodzi. Munali maukwati a anthu omwe anali asanalandire mavidiyo awo. Ukwati sungaubwereze. Mwini situdiyo ankayenda khomo ndi khomo kukapepesa, ena anamubweza ndi mawu owawa. Kuyambira pamenepo sindilola kasitomala kuika chuma chake chonse m'bokosi limodzi, ngakhale bokosilo likhale ndi malo a ma drive 18.

Wa ku Limbe: Apa mwanditsegula maso. Ndalama ya ma drive atsopano adzadandaula, koma nkhani ya ukwatiyo aimva, ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Wa ku Joni: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Ine ndilankhulepo za ulendo, poti katunduyu ndimamuona akukwezedwa. Define 7 XL payokha ndi yaitali masentimita 60, msinkhu pafupifupi 57, m'lifupi 24, ndipo imalemera makilogalamu opyola 16 ilibe kanthu mkati. Katoni yake ndi yokulirapo. Pa ndege amalipiritsa potengera kukula kwa katoni osati kulemera kokha, ndiye basi ndi njira yabwino. Koma pa basi katoni imapita pansi kapena mu ngolo limodzi ndi matumba, zidebe ndi mafiriji, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo pa chipata katundu amatha kutsitsidwa n'kukwezedwanso. Chonde musaitanitse ya galasi. Tempered glass ikagundidwa pa ngodya imasweka yonse kukhala ngati shuga, ndipo chitseko china simuchipeza msanga. Define 7 XL ili ndi mtundu wa zitseko zachitsulo mbali zonse, umatchedwa Solid. Auzeni achimwenewo mawu amenewo. Asachotsenso thovu la m'katoni pofuna kulongedzamo zovala, ndipo risiti akhale nayo m'thumba chifukwa a kasitomu pa Mwanza adzaifuna.

Wa ku Zomba: Koma Meshify si ndiye imapuma bwino? Kutsogolo kwake ndi sefa yokhayokha.

Mayi wa ku Mzuzu: Imapumadi bwino kuposa Define, sindikana. Koma situdiyo amajambuliramo mawu, nthawi zina wolengeza amakhala pafupi ndi makina. Define ili ndi zotchingira phokoso m'zitseko, ndipo kutsogolo kwake ndi chitseko chomwe mumatsegula. Akamajambula mawu atseke, akamachita render usiku atsegule. M'katoni mumabweranso denga lachiwiri la mabowo, muike limenelo m'malo mwa lotseka. Mafani atatu a 140 mm amabwera nayo. Gulani ena awiri, kutsogolo kukhale atatu okoka mphepo, kumbuyo imodzi yotulutsa, pamwamba imodzi chakumbuyo. Olowetsa achuluke kuposa otulutsa, kuti mphepo izituluka m'ming'alu m'malo molowa ndi fumbi. Mphepo yonse yolowa idutse pa sefa.

Ndipo kesi isakhale pansi pa simenti. PSU imakoka mpweya kuchokera pansi, ndiye fumbi lonse losesedwa limathera mmenemo. Apangitseni kabenchi kolimba kwa kalipentala. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, sefa azitsuka milungu iwiri iliyonse, iume kaye asanaibwezere. Ma slot akumbuyo omwe simukugwiritsa ntchito asiyeni otseka, mphemvu ndi abuluzi amakonda kofunda.

Wa ku Limbe: Nanga cooler? Ndinali ndi maganizo a AIO, cooler ya madzi, ya mamilimita 360 poti malo alipo.

Mkulu wa ku Area 25: Malo alipodi, ngakhale ya 420 ikwana. Koma purosesa ya Threadripper ndi yotakata, ma AIO ambiri chitsulo chawo sichiphimba yonse. Komanso pampu ikafa kuno mudikira milungu kuti ina ifike, situdiyo ili chiimire. Ine ndingaike Noctua NH-U14S TR4-SP3. Inapangidwira socket imeneyo, msinkhu wake ndi mamilimita 165, ndiye pa 185 paja ikwana bwino, ndipo 280W ya purosesayo imaikwanitsa makamaka mukaonjezera fani yachiwiri. Chomwe chingafe pa iyo ndi fani basi, ndipo fani mumasintha tsiku lomwelo. Onetsetsani zilembo TR4-SP3, chifukwa NH-U14S wamba sikwana pamenepo.

Musaiwalenso kachitsulo kochirikiza khadi. Khadiyo ndi yolemera, ikalendewera miyezi ingapo imapweteka slot. Makinawo mukamapita nawo kwa kasitomala pa galimoto, khadi ichotseni, mukaiike komweko.

Wa ku Joni: Ndi UPS yomwe, achimwene, batire losunga makina ali oyaka magetsi akazima. 450 ya khadi kuphatikiza 280 ya purosesa ndi 730W musanawerenge ma drive, mafani ndi sikirini. Ka UPS ka 650VA sikangapirire ngakhale sekondi. Ayang'ane ya pure sine wave, ndipo awerenge ma watt osati VA yokha.

Wa ku Limbe: Zikomo kwambiri nonse. Ndangolankhula naye kasitomala pa foni. Wavomera ma drive awiri a 16TB, akale asungidwa m'kabati kunyumba kwake osati ku situdiyo. Uthenga wopita ku Joni ndalemba chonchi: Define 7 XL Solid, mafani awiri a 140 mm, NH-U14S TR4-SP3 ndi fani yake yachiwiri, chingwe chokhota cha PSU yomweyo. Ma tray owonjezera ndawachotsa pa mndandanda. Mayi a ku Mzuzu, ikafika ndidzatumiza chithunzi cha ma standoff ndisanagoneke bodi, mudzandionereko.

Mayi wa ku Mzuzu: Tumizani achimwene, mujambule bodi ndi kesi zili pambalipambali kuti mabowo aoneke bwino.