Buku la ana: ndipente pamanja kapena ndijambule pa tabuleti?

Nabanda, Mufakose:
Moni nonse. Ndalemba kankhani ka ana m'Chichewa, ka mtsikana amene akuperekeza agogo ake ku msika wa Mbare Musika kukagula matemba. Lidzakhala buku la masamba 32. Adzukulu athu kuno ku Harare akukula ndi Chishona ndi Chingerezi basi, chonsecho malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndikufuna achione m'buku lokongola. Ine ndinazolowera pensulo ndi penti wamadzi, koma mwana wa mchemwali wanga wandibwereka tabuleti, akuti ndijambule pa Krita, pulogalamu yojambulira zithunzi, poti ndi yaulere. Ndayesa milungu iwiri. Dzanja likungoterereka pagalasi, nkhope ya agogo ikutuluka yosalala ngati ya chidole, makwinya onse kulibe. Amene munasindikizapo buku, ndithandizeni maganizo.

Phiri, Highfield:
Achemwali, ndagwirapo ntchito mosindikizira mabuku. Makina safunsa kuti munajambulira chiyani, amangofuna fayilo ya 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) ndi mitundu ya CMYK (mitundu inayi ya inki yosindikizira). Apa ndi pamene ambiri amalira. Sikirini imawala yokha, pepala ayi. Mukaika maluwa a jakaranda a mu Okutobala, mtundu umene ukuwala pa tabuleti uja umatuluka wozilala papepala. Musanavomere kuti asindikize onse, apempheni akutulutsireni tsamba limodzi loyesera. Chithunzi chizipyola m'mphepete ndi mamilimita atatu chifukwa mpeni umadula pamenepo. Ndipo nkhope ya munthu isagwere pakati pomwe masamba amasokedwa, imamezedwa.

Mwale, Dzivarasekwa:
Amayi, tabuletiyo musaitaye msanga. Mukalakwitsa dzanja la mwana pa penti wamadzi, pepala lonse lapita, ndipo pepala lochindikala la 300 gsm si lotchipa. Pa Krita mumangobweza. Za kutererekazo, matani kapulasitiki kokhakhala pagalasi, cholembera chimagwira bwino.

Mayi Nankhoma, Mabvuku:
Mwana wanga Mwale, zoona, koma magetsi akazima kuyambira m'mawa mpaka usiku, tabuleti yatha moto, mujambula ndi chiyani? Ine ndimapenta pakhonde, dzuwa ndiye nyali yanga. Nabanda mwanena nokha kuti makwinya a agogo akusowa. Makwinyawo ndiye bukulo! Mwana wosadziwa kuwerenga amayang'ana nkhope, amayang'ana chitenje, amaloza matemba ali m'lichero. Zaka zonsezi dzanja lanu laphunzira burashi, musalibwezere ku giredi wani chifukwa cha buku limodzi. Pentani papepala, kenako mukachite sikani. Kungoti masikana ambiri ndi a A4, ndiye ngati chithunzi chikutenga masamba awiri, yambani mwafufuza komwe kuli yaikulu ya A3 musanadule pepala. Mawu musalembe pachithunzi. Siyani malo oyera, mnyamata wanuyo adzawaike pa kompyuta. Tsiku lina mukadzafuna kutulutsa la Chishona, mudzangosintha mawuwo, zithunzi zili zomwezo.

Nabanda, Mufakose:
Zikomo nonse. Mayi Nankhoma, mwandimasula. Usiku uno ndatulutsa maburashi anga, ndayamba ndi tsamba limene agogo akumanga ndalama pa kansonga ka chitenje. Tabuleti ikhala yochotsera timadontho ndi kuikira mawu. A Phiri, tsambalo likauma ndi kulichita sikani, ndingakutumizireni mundionere ngati kufiira kwa chitenjecho kungatuluke bwino?