Malonda a basi aoneka pamwamba pa nkhani ya ngozi, ndithandizeni

Mlembi wa ku Turffontein: Akuluakulu, ndapsa. Ndili ndi katsamba ka pa intaneti ka nkhani za Amalawi okhala kuno ku Joni, ndipo zambiri ndimalemba m'Chichewa. Kampani ina ya mabasi opita ku Blantyre inandilipira mwezi wathunthu kuti malonda awo azioneka pamwamba pa nkhani iliyonse. Lachiwiri ndinalemba za ngozi ya pamsewu wopita ku Beitbridge, pamwamba pake panakhala basi yawo yonyezimira ndi mawu akuti tikakufikitsani kumudzi bwinobwino. Wina anajambula n'kuponya pa WhatsApp. Bwana wa mabasiwo anandiimbira, zomwe anandiuza sizolemba pano. Mndandanda wa mawu oletsa malonda, oti akapezeka m'nkhani malonda asaoneke, ndinali nawo, koma sunagwire. Ndalakwitsa pati?

Mayi wa ku Randburg: Pepani achimwene. Mndandandawo uli m'chiyankhulo chanji?

Mlembi wa ku Turffontein: Chingelezi. Ndinaukopera kwa mnzanga.

Mayi wa ku Randburg: Basi, mwaupeza kale mlandu. Makina amafuna mawu a Chingelezi a ngozi ndi imfa, inu munalemba "ngozi" ndi "atisiya". Kwa makinawo inali nkhani yabwinobwino ngati ya ukwati. Ine ndimagula malo a malonda m'malo mwa makasitomala, ndipo masamba a ziyankhulo zathu makina ambiri amangowaika m'gulu la zosadziwika. Ngakhale AdSense ya Google, yomwe yakhala ikuwerenga tsamba n'kuikapo malonda ogwirizana nalo kuyambira 2003, Chichewa sichili pamndandanda wa ziyankhulo zake.

Wamakompyuta wa ku Hillbrow: Bwanji osangosiya zowerenga nkhanizi, n'kumalondola munthu? Amene anafufuzapo matikiti a basi, malonda a basi azimutsata kulikonse.

Mayi wa ku Randburg: Akamutsatira mpaka pankhani ya ngozi yomweyo, mwana wanga. Komanso njira imeneyo ikuchepa mphamvu. Pa mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, Firefox inayamba kutseka ma cookie, timafayilo tolondola anthu, mu 2019, Safari inatsekeratu mu 2020. Google inalengeza mu 2020 kuti ichotsa mu Chrome, inazengereza zaka zingapo, kenako mu 2024 inasintha maganizo, choncho mu Chrome akadalipo. Koma kuno kulinso POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kuluma pa 1 July 2021, ndipo chindapusa chake chimafika R10 miliyoni. Katsamba ka munthu mmodzi kasamasunge zinsinsi za owerenga popanda chifukwa, makamaka owerenga athuwa, ena mapepala awo sali bwino ndipo safuna n'komwe kudziwika. Kuwerenga nkhani sikufuna dzina la munthu. Kumangofuna kudziwa kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani.

Wamakompyuta wa ku Hillbrow: Ndamva mayi. Ndiye tilembe mndandanda wa Chichewa: ngozi, imfa, maliro, wamwalira, wagwa, yagwa, moto.

Mkulu wa ku Rosettenville: Imani kaye anyamata. Ndinagulitsapo malo a malonda m'nyuzipepala kumudzi ndisanabwere kuno, ndipo mndandanda umenewo ukuphetsani ndi njala. Mukaletsa "yagwa", mwaletsa "kwacha yagwa". Mukukumbukira November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Nkhani ngati imeneyo ndi imene aliyense wa kuno amatsegula, chifukwa akufuna adziwe kuti R500 yake ikafika bwanji kwa amayi ku Mangochi. Makampani otumiza ndalama, a mtundu wa Mukuru ndi Mama Money, malo awo enieni ndi pamenepo. Nanga "mtengo"? Wa chimanga kapena wa mango? Makina sangasiyanitse. Mu 2020 otsatsa malonda ambiri analetsa mawu akuti coronavirus, manyuzipepala n'kutaya ndalama pa nkhani zomwe anthu amawerenga kwambiri. Musabwereze zomwezo m'Chichewa.

Ndi maliro omwe, si onse otsatsa amathawa. Amene amanyamula maliro kupita nawo kumudzi amafuna aoneke pankhani yofotokoza mapepala ofunika pa boda. Koma pankhani ya imfa ya munthu wotchulidwa dzina, ayi, pasaoneke kanthu. Pamaliro sitigulitsa mandasi.

Mlembi wa ku Turffontein: Ndiye nditani bambo, poti makina sakumva ndipo mndandanda ukuluma mbali zonse?

Mkulu wa ku Rosettenville: Mumalemba nkhani zingati patsiku?

Mlembi wa ku Turffontein: Zinayi, zikachuluka zisanu ndi imodzi.

Mkulu wa ku Rosettenville: Ndiye makina a chiyani? Makina ndinu. Nkhani iliyonse muziipatsa gulu musanaitulutse: maulendo, ndalama, mapepala, ntchito, mpira, zachisoni. Basi izioneka pa maulendo ndi mpira. Pa zachisoni pasaoneke malonda alionse. Ndipo musamagulitsenso "pamwamba pa tsamba lonse", muzigulitsa gulu. Wotumiza ndalama akadziwa kuti gulu la ndalama ndi lake yekha, mtengo mukhoza kukweza.

Wamakompyuta wa ku Hillbrow: Izi ndi zotheka lero lomwe. Ngati tsamba lanu linapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, gulu la nkhani timalitumiza ku Google Ad Manager, chida choyendetsera malonda pa tsamba, ngati chizindikiro chomwe amati key-value, kenako malonda a basi timawauza kuti asatuluke pomwe gulu ndi zachisoni. Ola limodzi latha. Chovuta ndi nkhani zakale, muyenera kuzibwerera imodziimodzi.

Mayi wa ku Randburg: Muyambe ndi zomwe anthu akuzitsegulabe. Ndipo mukalembe m'mgwirizano magulu omwe malonda awo sadzaonekamo, onse awiri musayine. Makasitomala anga akaona pepala lotero mtima umakhala pansi. Zida zatsopano za AI zikuyamba kumva tanthauzo la nkhani yonse osati liwu limodzi, koma musanazikhulupirire pa Chichewa, muziyese kaye ndi nkhani zanu makumi awiri muone ngati zikudziwa kuti "atsikira kulichete" si nkhani ya maulendo.

Mlembi wa ku Turffontein: Nanga bwana wa mabasi uja?

Mkulu wa ku Rosettenville: Osatumiza uthenga. Pitani ku ofesi kwawo ku Park Station m'mawa basi isananyamuke, mupepese pamaso, muwapatse sabata ziwiri zaulere pa gulu la maulendo, ndipo muwaonetse pafoni kuti pankhani ya ngozi ija palibenso kanthu.

Wamakompyuta wa ku Hillbrow: Achimwene nditumizireni zolowera patsambalo ku inbox, ndiweruka 6 koloko. Koma chotsani kaye basiyo pankhani ija, ndangoyang'ana pano ikadalipo.